Kodi zimene wothandizira wa AI amakumbukira kwa nthawi yaitali ndingazisanje bwanji?

Funso: Ndimayang'anira za makompyuta pa shopu ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Lilongwe, ndipo tinaika wothandizira wa AI pa WhatsApp kuti aziyankha makasitomala. Pofuna kuti azikumbukira anthu, ndimasunga zokambirana zonse za kasitomala aliyense m'fayilo imodzi, n'kumazitumiza zonsezo ku model nthawi iliyonse munthuyo akalemba. Poyamba zinkayenda bwino, koma tsopano ndalama zolipira zakwera, mayankho akuchedwa, ndipo nthawi zina amatchula mtengo wakale wa simenti kapena malo amene kasitomala anachokako kale. Kodi ndilipire vector database, kapena ndisamukire ku model ya context window yaikulu?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Musathamangire kugula chilichonse mwa ziwirizo, chifukwa zizindikiro zimene mwatchulazi sizikuchokera pa kuchepa kwa malo osungira. Zikuchokera poti zinthu za mitundu yosiyana, zimene zimatha ntchito pa nthawi zosiyananso, mwaziunjika pamodzi popanda wozisankha, ndipo model mwaisiyira ntchito yoti izidzipezera yokha chimene chili choona lero pakati pa mulu wa zimene zinali zoona kale. Ntchito yaikulu yosanja zokumbukira za AI imachitika pa nthawi yolemba, ndipo amene walemba mosamala savutika kwambiri pofufuza.

Model ya chilankhulo, kaya ndi ya OpenAI, Anthropic, Google kapena kampani ina, sisunga kanthu pakati pa uthenga umodzi ndi wotsatira. Zimene inaphunzira pa nthawi yoipanga zinakhazikika m'manambala ake a m'kati, ndipo kucheza ndi kasitomala wanu sikusintha manambala amenewo. Chimene imaona ndi mawu okhawo amene pulogalamu yanu yaitumizira pa ulendo umenewo. Ili ngati dokotala wa pachipatala chachikulu amene amaona anthu ambirimbiri pa tsiku ndipo sangakumbukire nkhope yanu: zonse zimene adziwe za matenda anu akale ndi zimene zalembedwa m'kabuku ka kuchipatala kamene mwabwera nako. Ngati m'kabukumo munalembedwa mwadongosolo, ndi madeti ake, akuthandizani bwino, koma ngati mwabwera ndi jumbo yodzaza mapepala osasanja, awerenga awiri kapena atatu amene ali pamwamba n'kukulemberani mankhwala. Choncho tikamanena kuti wothandizira akukumbukira, tikutanthauza kuti pulogalamu yanu yasankha bwino zoika patsogolo pa model.

Kuchuluka kwa mawu amene model ingawerenge pa ulendo umodzi ndi kumene kumatchedwa context window, ndipo kumayezedwa ndi ma token, amene ndi tizidutswa ta mawu. GPT-3 ya mu 2020 inkalandira ma token 2,048 okha. GPT-4 itatuluka mu Malichi 2023 inali ndi 8,192, komanso mtundu wina wa 32,768. Mu Meyi chaka chomwecho Claude inafika pa 100,000, ndipo mu Febuluwale 2024 Google inalengeza Gemini 1.5 Pro yotha kulandira ma token 1 miliyoni. Munthu akaona manambala amenewa angaganize kuti vuto linatha, koma ayi. Mumalipira pa token iliyonse imene mwatumiza, ndiye kuti fayilo ya kasitomala wakale mumailipira yonse ngakhale iye wangofunsa ngati mwatsegula Loweruka. Ma model ambiri amadulanso mawu a Chichewa m'tizidutswa tambiri kuposa a Chingerezi, chifukwa anaphunzitsidwa ndi zolemba zochepa za chilankhulo chathu, motero uthenga wa Chichewa umakudyerani ndalama zambiri kuposa uthenga womwewo m'Chingerezi. Kuwonjezera apo, kafukufuku wa mu 2023 wa Nelson Liu ndi anzake, wotchedwa Lost in the Middle, anaonetsa kuti ma model amagwiritsa ntchito bwino zimene zili kumayambiriro ndi kumapeto kwa mawu aatali, pamene zimene zili pakati amaziphonya kawirikawiri. Ma model atsopano achepetsako vutoli. Chimene sangachepetse ndi chakuti ngati m'fayilo muli mitengo itatu ya simenti ndi malo awiri otulira katundu, zonse zolembedwa ngati zoona, kukula kwa window kumangothandiza model kuona zotsutsanazo zonse pamodzi.

Choyamba chimene muyenera kuchita ndi kulekanitsa zimene mukusunga. Katswiri wa za maganizo Endel Tulving, mu 1972, anasiyanitsa kukumbukira zochitika ndi kudziwa mfundo. Kukumbukira tsiku limene aphunzitsi anakuuzani m'kalasi kuti likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975 ndi chochitika. Kudziwa kuti likulu ndi Lilongwe, ngakhale mutaiwala amene anakuuzani, ndi mfundo. Opanga mapulogalamu a AI anabwereka kusiyanitsa kumeneku n'kuwonjezerapo mtundu wachitatu, umene ndi kudziwa kachitidwe ka ntchito. Pa shopu yanu, zochitika ndi mauthenga enieni monga mmene analembedwera. Mfundo ndi zinthu monga dzina la kasitomala, kumene akumanga, ndi mtundu wa malata amene amakonda. Kachitidwe ndi malamulo a shopu, monga kuti katundu satuluka ndalama zisanaoneke.

Pali mtundu wachinayi umene anthu ambiri amauiwala, ndipo ndi umene wakuvulazani: zinthu zimene siziyenera kukumbukiridwa n'komwe. Mtengo wa simenti, kuchuluka kwa malata amene atsala, ndiponso ngongole ya kasitomala, zonsezi zili ndi mwini wake, amene ndi mabuku a shopu kapena database yanu ya malonda. Wothandizira ayenera kukafunsa kumeneko nthawi iliyonse, kudzera m'njira imene imatchedwa tool calling, imene model imapempha pulogalamu yanu kuti iyendetse ntchito inayake n'kuibwezera yankho. Amene anali pa malonda mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, akudziwa kuti mtengo wa sabata yatha ukhoza kukhala bodza lero. Mtengo uliwonse umene unatchulidwa m'zokambirana zakale ndi mbiri chabe ya zimene zinanenedwa tsiku limenelo, ndipo m'malangizo a wothandizira mulembemo momveka kuti mtengo wochokera m'zokambirana sungaperekedwe kwa kasitomala ngati wa lero. Mukangochita chimenechi chokha, limodzi mwa madandaulo anu latha.

Zochitika zisungeni zonse, koma musazitumize zonse. Pangani tebulo limodzi m'database, mzere uliwonse ukhale uthenga umodzi, wokhala ndi nambala yake, nambala ya kasitomala, amene walankhula, deti ndi nthawi, ndi mawu enieniwo. Tebulo limeneli mumangowonjezeramo, simusinthamo kanthu, chifukwa ndi umboni umene zina zonse zidzatsamira. Ku model mumatumiza mauthenga omaliza okha a kukambirana kumene kuli m'kati, mwina khumi kapena makumi awiri, ndipo ena onse amadikira kufikira atafunidwa.

Pa mfundo ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene dongosolo limaima kapena kugwa. Kukambirana kukatha, tinene kuti kasitomala wakhala chete kwa ola limodzi, pulogalamu yanu itumize zokambiranazo ku model pa ulendo wapadera, ndi malangizo opapatiza: tulutsa mfundo zimene zidzafunikenso tsiku lina. Mfundo iliyonse ikhale pa mzere wake, ikhale chiganizo chodziimira pachokha, ndipo mawu ngati mawa, dzana kapena sabata yamawa asanduke madeti enieni asanalembedwe, chifukwa mzere wonena kuti kasitomala abwera mawa umakhalabe ukulonjeza mawa mpaka chaka chitatha. Pambali pa chiganizocho pakhale nambala ya uthenga umene chachokera, mtundu wa mfundoyo, ndi chizindikiro chosonyeza ngati kasitomala ananena yekha kapena model yangoganizira kuchokera pa zimene yawerenga. Chizindikiro chomalizachi chimaoneka chaching'ono, koma taonani mmene zimasokonekera popanda icho. Munthu walemba kuti: “Malatawa ndikugulira achimwene anga, ali ku Johannesburg koma akumanga kumudzi ku Dedza, ine ndili ku Area 25.” M'chiganizo chimodzichi muli anthu awiri ndi malo atatu. Wolemba mfundo, ndiye kuti model ya ulendo wapadera uja, ngati sanalangizidwe bwino akhoza kulemba kuti kasitomala amakhala ku Johannesburg, kapena kuti katundu wake yense azipita ku Dedza, ndipo miyezi itatu ikadutsa, munthuyo akadzaitanitsa penti ya nyumba yake, wothandizira adzamuwerengera mtengo wa galimoto yopita ku Dedza. Zoyenera kulembedwa ndi mizere iwiri: kasitomala amakhala ku Area 25, oda ya malata ya deti lakuti inali ya mchimwene wake ndipo inapita ku Dedza. Mzere wachiwiriwo ndi wa oda imeneyo, osati wa munthuyo.

Chimodzimodzinso ndi mawu ongofanizira kapena nthabwala. Wina akalemba kuti ndikanakhala ndi ndalama ndikanatenga matumba 200, sanaitanitse kanthu. Malangizo anu afunse mafunso ochepa pa mfundo iliyonse isanalowe: kodi idzathandiza pa kukambirana kwina, kodi idzakhala ikadali yoona mwezi wamawa, kodi ndi ya yani, ndipo kodi inanenedwadi? Mfundo yolephera funso limodzi isalowe, popeza sinatayike, ili m'tebulo la zochitika. Maganizo anga ndi akuti wothandizira wolemba zochepa ndi wabwino kuposa wolemba chilichonse, chifukwa mfundo imene yasowa kasitomala amangoibwereza, pamene mfundo yabodza imabwerabe pa kukambirana kulikonse mpaka wina ataigwira.

Mfundo yatsopano isalowe isanayerekezedwe ndi zimene zilimo kale. Pulogalamu yotchuka pa ntchito imeneyi yotchedwa Mem0, mu 2025, inkapatsa model zosankha zinayi pa mfundo iliyonse: kuiwonjezera, kusintha yakale, kufufuta yakale, kapena kusachita kanthu. Dongosolo limeneli ndi labwino, koma ine ndingalisinthe pamodzi: musalole model kufufuta kapena kulemba pamwamba pa mzere wakale. M'malo mwake iutseke. Mzere uliwonse ukhale ndi deti limene mfundoyo inayamba kukhala yoona, deti limene inasiya, ndi deti limene inu munaidziwa. Pulogalamu ya Graphiti, ya kampani ya Zep, inamangidwa pa ganizo lomweli losunga nthawi ziwiri, ya chinthucho ndi ya kuchidziwa. Phindu lake limaoneka pa mkangano. Tinene kuti pa 20 Epulo kasitomala wakuuzani kuti anasamukira ku Area 49 kuyambira pa 1 Epulo, ndipo akudandaula kuti katundu wa pa 5 Epulo anatulidwa ku Area 25. Ngati munangofufuta malo akale n'kulemba atsopano, mabuku anu adzaonetsa ngati shopu inalakwa. Ngati mizere yonse iwiri ilipo ndi madeti ake, zidzaoneka kuti pa 5 Epulo munthuyo anali atasamukadi, koma inu munali musanauzidwe. Pofufuza tsiku ndi tsiku mumangotenga mizere yosatsekedwa, ndipo vuto lanu la malo akale latha pamenepo.

Tsopano tibwere pa kufufuza, kumene kuli funso lanu la vector database. Mu Okutobala 2023, Charles Packer ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Berkeley anatulutsa MemGPT, imene pambuyo pake inasanduka Letta. Ganizo lawo analitenga pa mmene kompyuta imagawira ntchito pakati pa RAM, imene ndi yochepa koma yofulumira, ndi disiki, imene ndi yaikulu koma imafuna kukatengako. Gawo laling'ono la zokumbukira limakhala mu context window nthawi zonse, ndipo zina zonse zimakhala kunja, n'kumatengedwa pokhapokha zikafunika. Chitani chimodzimodzi. Pa kasitomala aliyense pakhale kachidule kamene kamalowa pa uthenga uliwonse: dzina, chilankhulo chimene amakonda, malo, ntchito imene akumanga, ndi chilichonse chimene sichinathe pakati panu. Kaikireni malire, mwina ma token mazana atatu, kuti kasakule mwakachetechete n'kusandukanso fayilo ija. Ndipo apa ndi pamene muone kuti vector database simukuifuna panopa: kasitomala mmodzi wa shopu ya zipangizo sangakhale ndi mfundo zosatsekedwa zoposa makumi ochepa, ndipo zimenezo mukhoza kuzitenga zonse ndi funso wamba la SQL, chilankhulo chofunsira database.

Chofunika kwambiri pa funso limenelo ndi kusefa ndi nambala ya kasitomala, ndipo kusefako kuchitike mu pulogalamu yanu, model isanaone kalikonse. Musaike zokumbukira za anthu onse pamodzi n'kudalira malangizo akuti usatchule za munthu wina, chifukwa chimene chalowa mu context window chikhoza kutuluka m'yankho.

Kufufuza ndi ma vector kumathandiza pa tebulo la zochitika, pamene kasitomala wafunsa za zimene munakambirana miyezi yapitayo. Njira yake ndi yakuti model ina yaing'ono imasandutsa chiganizo chilichonse kukhala mndandanda wa manambala, umene umatchedwa embedding kapena vector, ndipo vector database ndi posungira ndi pofufuzira mindandanda imeneyi. Mwachitsanzo text-embedding-ada-002 ya OpenAI imatulutsa manambala 1,536 pa chiganizo chilichonse. Ziganizo zokamba nkhani zofanana zimakhala ndi manambala oyandikana, ndipo pulogalamu imatenga zoyandikira kwambiri funso n'kuziika patsogolo pa model. Kuphatikiza kufufuza ndi kuyankha motere kunatchuka ndi dzina lakuti RAG, kuchokera pa kafukufuku wa Patrick Lewis ndi anzake a ku Facebook mu 2020. Njirayi ili ndi malire amene ogulitsa satchula kawirikawiri. Embedding imadziwa kuti ziganizo ziwiri zikukamba nkhani imodzi, koma sidziwa chimene chili choona kapena chatsopano: “ndikufuna malata a 28 geji” ndi “sindikufunanso malata a 28 geji” zimagona moyandikana kwambiri. Imafookanso pa manambala a risiti ndi mayina a katundu, pamene kufufuza kwakale kwa mawu enieni, monga BM25, kumapambana. Ndi chifukwa chake anthu ambiri amayendetsa njira ziwirizi pamodzi n'kuphatikiza zotsatira zake.

Kwa inu pali vuto lina lowonjezera, la chilankhulo. Makasitomala anu amalemba Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, ndi kalembedwe kosiyanasiyana, ndipo ma model ambiri a embedding sanaphunzire Chichewa mokwanira, kotero musakhulupirire mndandanda wa zilankhulo umene kampani yalemba musanayese ndi mauthenga anu enieni. Kufufuza mawu enieni nakonso kumapunthwa, chifukwa ndagula, tidzagula ndi anawagulira zimaoneka kwa kompyuta ngati mawu atatu osagwirizana. Mankhwala ake ndi kufufuza ndi tizigawo ta zilembo zitatuzitatu, timene timatchedwa ma trigram: database ya PostgreSQL ili ndi chida chotchedwa pg_trgm, ndipo chida cha FTS5 cha database ya SQLite chilinso ndi njira imeneyi. Tebulo la mfundo lilembeni m'chilankhulo chimodzi ndi mawu okhazikika, ngakhale kasitomala atalemba mosakaniza. Tsiku limene mudzafunedi ma vector, pgvector imawonjezera luso limeneli m'kati mwa PostgreSQL momwemo, popanda kulipira kampani ina kapena kusamalira seva yachiwiri.

Mukapeza zotsatira zambiri, muyenera kuzisanja kuti zoyambirira zokha zilowe. Mu Epulo 2023, Joon Sung Park ndi anzake a ku Stanford ndi Google anaika anthu ongopeka 25, oyendetsedwa ndi AI, m'kamudzi ka pa kompyuta kotchedwa Smallville, ndipo aliyense anali ndi mndandanda wake wa zokumbukira. Posankha zoti akumbukire pa nthawi inayake ankaphatikiza zinthu zitatu: kuyandikira kwa nthawi, kugwirizana ndi nkhani imene ili m'kati, ndi kufunika kwa chinthucho, kumene model inkakuyeza kuyambira 1 mpaka 10. Zitatuzi mukhoza kuzibwereka, koma samalani ndi kuyandikira kwa nthawi. Mfundo yakuti lole yaikulu sidutsa pa msewu wopita kwa kasitomala wina nthawi ya mvula ikhoza kukhala ya chaka chatha, ndipo idzakhala yofunika kwambiri mu Januwale kuposa moni wa dzulo. Mfundo zotere zipatseni mtundu wake umene suchepa mphamvu ndi nthawi. Ofufuza omwewo ankachititsanso anthu awo kulingalira nthawi ndi nthawi, n'kulemba ziganizo zazikulu kuchokera pa zing'onozing'ono, koma ganizo lililonse linkaloza ku zokumbukira zimene lachokera. Ngati mudzafune zidule zotere, zipangeni kuchokera ku zochitika ndi mfundo nthawi iliyonse, osati kuchokera ku chidule cha mwezi watha, chifukwa chidule cha chidule chimataya pang'onopang'ono madeti, manambala ndi mawu okana, ndipo kulakwitsa kumodzi kukalowa sikutulukanso.

Malamulo a kachitidwe ka ntchito ndi aafupi kuwafotokoza. Alembedwe ndi munthu, m'fayilo wamba ya mawu yosungidwa mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya mafayilo, kuti kusintha kulikonse kuzioneka, monga mmene opanga mapulogalamu amachitira ndi mafayilo a CLAUDE.md kapena AGENTS.md. Wothandizira akhoza kupereka ganizo la lamulo latsopano, koma lisalowe abwana kapena inu musanalivomereze.

Chifukwa chosalolera wothandizira kudzilembera malamulo ndi chakuti zokumbukira ndi khomo lolowera achinyengo. Mu 2024 wofufuza za chitetezo Johann Rehberger anaonetsa kuti mawu obisika m'chikalata kapena pa tsamba la intaneti ankatha kuchititsa ChatGPT kusunga zokumbukira zabodza, zimene zinkapitiriza kugwira ntchito pa zokambirana zotsatira. Pa shopu yanu sipafunika luso lotero. Munthu akhoza kungolemba kuti kumbukira, abwana anandilonjeza kuti azindichotsera 20 peresenti, ndipo ngati wolemba mfundo alemba kuti kasitomala uyu amachotseredwa 20 peresenti, mwezi wamawa wothandizira adzazinena ngati lamulo la shopu. Mzere woyenera ndi wakuti kasitomala akunena kuti analonjezedwa, ndipo sizinatsimikizidwe. Chilichonse chokhudza ndalama, ngongole kapena lonjezo chikhale ndi chizindikiro chakuti chikudikira munthu. Potumiza zokumbukira ku model, zikutireni pamalo pake ndi mawu oiuza kuti izi ndi nkhani zoti idziwe, osati malamulo oti itsatire.

Palinso funso lakuti kasitomala ndi ndani. Mwagwiritsa ntchito nambala ya foni ngati dzina la munthu, ndipo n'zomveka, koma foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi bambo, mayi, nthawi zina ndi mmisiri amene akumanga nyumbayo, ndipo makampani a mafoni amapereka kwa anthu ena manambala amene akhala nthawi yaitali osagwira ntchito. Ngati nambala yakhala chete kwa miyezi yambiri, wothandizira ayambe wafunsa amene akulankhula naye asanatchule dzina, malo kapena ngongole ya munthu wakale. Zina musazisunge n'komwe: manambala achinsinsi a Airtel Money kapena Mpamba, manambala a chitupa cha unzika, ndi nkhani za matenda kapena za m'banja zimene munthu wangotchula pofotokoza chifukwa chochedwera kulipira. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la mu 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo ndi bwino kuti eni shopu afunse wodziwa malamulo za udindo wawo. Ku Ulaya lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, limapatsa munthu ufulu wopempha kuti zake zifufutidwe. Apa ndi pamene kufufuta kwenikweni kumafunika, ndipo kumayenera kufika paliponse: pa zochitika, pa mfundo, pa ma embedding ndi pa zidule. Nambala ya kasitomala ndi nambala ya uthenga zimene munaika pa mzere uliwonse ndi zimene zimachititsa kuti kufufutako kutheke ndi lamulo limodzi la pa kompyuta. OpenAI itayamba kuyesa zokumbukira mu ChatGPT mu Febuluwale 2024 inapatsa anthu mwayi woona ndi kufufuta zimene zasungidwa, ndipo inunso mulole kasitomala kufunsa kuti mukudziwa chiyani za ine, n'kumuonetsa mizere yake. Iye ndi amene angagwire zolakwika mofulumira kuposa wina aliyense.

Musanakhulupirire dongosolo latsopanoli, liyeseni. Tengani mafunso makumi atatu kapena anayi kuchokera m'zokambirana zanu zenizeni, amene mayankho ake mukuwadziwa, ndipo musasankhe osavuta okha. Muikemo mfundo zimene zinasintha, mafunso ofuna kuphatikiza zokambirana za masiku awiri, mafunso a nthawi monga chimene munthu anagula asanagule malata, ndi mafunso a zinthu zimene sizinanenedwepo, amene yankho lake loyenera ndi lakuti sindikudziwa. Mayeso a LongMemEval a mu 2024 amayeza maluso ngati amenewa ndi mafunso 500, koma anu ochepawo adzakuuzani zambiri chifukwa ndi a chilankhulo ndi malonda anu. Yankho likalakwika, tsegulani mawu onse amene anatumizidwa ku model pa ulendo umenewo. Ngati mfundo yoyenera inalimo, vuto ndi malangizo kapena model. Ngati ili m'database koma sinatengedwe, vuto ndi kufufuza. Ngati mulibe n'komwe, vuto ndi wolemba mfundo. Kuti muthe kuchita zimenezi, sungani kwa kanthawi mawu otumizidwa pa ulendo uliwonse.

Pa ndondomeko ya ntchito, yambani ndi kuchotsa mitengo ndi katundu wotsala m'zokumbukira n'kuzilumikiza ku mabuku a shopu, chifukwa zimenezo ndi zimene zingakutayitseni ndalama msanga. Kenako thirani mafayilo akale aja m'tebulo la zochitika, n'kuyendetsa wolemba mfundo pa zokambirana za kasitomala aliyense kuyambira zakale kwambiri kufika zatsopano, motsatana, kuti mfundo yatsopano izipeza yakale ili kale m'malo n'kuitseka. Ntchito imeneyi mukhoza kuipatsa model yotsika mtengo, chifukwa kasitomala sakudikira yankho. Mizere zana yoyambirira muiwerenge nokha pamodzi ndi wogulitsa amene amawadziwa makasitomalawo pamaso, muone mitundu ya zolakwika imene ikubwerezedwa, mukonze malangizo, ndipo mukatero muyendetse pa otsalawo.